Atomu, khansa ndi kaundula wa maliro

Mu 2025 zinthu ziwiri zinachitika m'dziko muno zimene ambiri sanazione ngati nkhani imodzi. Ku Lilongwe, pambali pa chipatala cha Kamuzu Central, boma linatsegulira chipatala cha khansa chokhala ndi makina owotcha zotupa ndi cheza. Ku Karonga, mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, umene unagona kuyambira 2014, unayambanso kugaya miyala. Uku cheza tikuchiitana kuti chitichize, uko tikuchiopa kuti chitidwalitsa. Mapepala a zonse ziwirizi amasainidwa ku Capital Hill ndi ku City Centre, ndipo ambiri mwa osainawo, akuluakulu a boma, a mabungwe ndi a maofesi a akazembe, madzulo amakalowa m'mipanda ya ku Area 43, Area 10 ndi Area 12. Funso limene lili pa matebulo awo, ngakhale sililembedwa chonchi, ndi ili: tidzadziwa bwanji kuti chezachi chachiza angati ndipo chapha angati?

Yankho lili ndi magulu awiri a anthu ophunzira amene kawirikawiri sadyera mbale imodzi. Ena ndi a fizikisi, ofufuza za m'kati mwa atomu ndi cholembera ndi kompyuta. Ena ndi owerengera za umoyo wa anthu, amene ntchito yawo ndi kudziwa kuti abadwa angati, adwala angati, atisiya angati ndipo chawatenga nchiyani. Masamu awo ndi amodzi, ndipo ichi nchimene chimandichititsa chidwi pa nkhani yonseyi.

Pakati pa atomu iliyonse pali kaphata kakang'ono koma kolemera, kamene Ernest Rutherford anakatulukira mu 1911. Maphata ambiri ndi okhazikika, adzakhala momwemo mpaka kalekale. Ena ndi osakhazikika: tsiku lina amangosweka okha nkulavula cheza. Henri Becquerel anachiona chezachi mu 1896 pa mchere wa yureniyamu, asakudziwa kumene chikuchokera. Patapita zaka zochepa Rutherford ndi Frederick Soddy anapeza lamulo lake, lakuti mtundu uliwonse wa phata uli ndi nthawi yake imene theka la muluwo limakhala litasweka. Yureniyamu 238, amene ndiye wochuluka m'miyala ya ku Kayelekera, amafuna zaka 4.5 biliyoni. Cobalt 60, amene amaikidwa m'makina ena owotchera khansa, amafuna zaka 5.27. Mpweya wa radon 222 umangofuna masiku 3.8.

Chimene chinazunguza mitu ndi chakuti palibe amene akanatha kuloza phata limodzi nkunena kuti ili lisweka mawa. Mu 1928 George Gamow anasonyeza ndi masamu kuti kusadziwaku si vuto la zipangizo zathu. Phatalo palokha lilibe tsiku. Sekondi iliyonse lili ndi mwayi womwewo wosweka, kaya lakhala zaka ziwiri kaya miliyoni. Silikalamba ndipo silikumbukira. Zili ngati mbuliuli m'chiwaya: sunganene kuti njere iti iphulika poyamba, koma wokazinga wozolowera amadziwa nthawi imene theka la chiwaya lidzakhale litayera.

Tsono mu 1910 Rutherford ndi Hans Geiger anakhala m'chipinda cha mdima nkumawerenga timaphaliphali totuluka m'kachidutswa ka polonium. Anagawa nthawi m'tizigawo 2,608 ta masekondi 7.5. Pena timaphaliphali tinali tiwiri, pena tisanu ndi tiwiri, pena panalibe ndi kamodzi komwe, koma pakatikati tinali tinayi tosakwana bwino. Kamwazikidwe ka manambalawa kanagwirizana ndi masamu amene Siméon Poisson analemba mu 1837, omwenso Ladislaus Bortkiewicz anagwiritsa ntchito mu 1898 powerengera asilikali a ku Prussia ofa atamenyedwa mateche ndi akavalo. Chinthu chosowa, chobwera mwadzidzidzi pakati pa khamu, chimayenda m'njira imodzi, kaya ndi phata losweka kaya ndi munthu wodwala khansa.

Lamuloli lili ndi mano, ndipo limaluma ife amene timawerenga anthu ochepa. Ngati mukuyembekezera zinthu 10,000, mwayi wokha ukhoza kusuntha nambalayo ndi 100 uku kapena uko, zimene sizisintha nkhani. Ngati mukuyembekezera 100, umasuntha ndi 10. Ngati mukuyembekezera 4, umasuntha ndi 2, theka lathunthu. Tiyerekeze dera limene mwachibadwa anthu anayi amadwala khansa inayake pa chaka. Popanda mgodi, popanda poizoni, popanda mfiti, pafupifupi chaka chimodzi pa zaka zisanu ndi zinayi zilizonse derali lidzaona odwala asanu ndi awiri kapena kuposa. Chaka chimenecho mudzi wonse udzafuna wina womuloza chala, ndipo sindingawanene, maliro akachuluka mtima sufunsa masamu. Koma lamulo lomweli limagwiranso ntchito mbali inayo. Mgodi ukhoza kuwonjezera wodwala mmodzi chaka chilichonse nkubisala bwinobwino m'kusinthasintha kwachibadwaku kwa zaka makumi, mwini mgodi nkumanena moona mtima kuti palibe umboni.

Wa fizikisi ali ndi mwayi chifukwa mu galamu imodzi muli maatomu mabiliyoni a mabiliyoni, onse ofanana, osasamuka, osabisa zaka zawo. Wa zaumoyo ali ndi anthu zikwi zochepa, wina wosuta chingambwe, wina wa HIV, wina anapita ku Joni osabwerako.

Zambiri zimene dziko lapansi limadziwa za kuopsa kwa cheza zinachokera m'tsoka. Bomba limene linagwa pa Hiroshima mu 1945 linali ndi yureniyamu amene wambiri anakumbidwa ku Shinkolobwe, ku Katanga, kuseri kwa Zambia kuno. Kuyambira 1950 ofufuza akhala akutsatira anthu pafupifupi 120,000 a ku Hiroshima ndi Nagasaki mpaka imfa. A fizikisi anawerengera cheza chimene munthu aliyense analandira potengera pamene anaima, khoma limene linamutchinga ndi mbali imene anayang'ana. A zaumoyo analemba matenda ndi imfa. Pakati pa 1958 ndi 1998, mwa anthu oposa 105,000, anapeza khansa za zotupa zoposa 17,000, ndipo mwa izo pafupifupi 850 ndizo zinabwera ndi bomba. Nambalayi imadabwitsa anthu mbali zonse. Ena amati yachepa. Koma taonani kuchuluka kwa anthu ndi zaka zimene zinafunika kuti ioneke, pamene chinaphulikacho chinali bomba lenileni.

Pa maziko amenewa mpamene panamangidwa malire amene mayiko amatsatira. Cheza cholowa m'thupi chimayezedwa ndi ma millisievert. Munthu wamba padziko lapansi amalandira pafupifupi 2.4 pa chaka kuchokera m'nthaka, m'mpweya, m'zakudya ndi kuthambo, ngakhale asanamvepo za mgodi. X-ray ya pachifuwa ndi kachigawo kakang'ono ka millisievert imodzi. Kujambula m'mimba ndi makina a CT kumafika cha m'ma 8 kapena 10. Wogwira ntchito ya cheza asapitirire 20 pa chaka, ndipo munthu wokhala pafupi ndi malo otere asawonjezeredwe kuposa 1. Akatswiri amawerengera kuti millisievert imodzi yowonjezera ikhoza kubweretsa imfa za khansa pafupifupi zisanu pa anthu 100,000 m'moyo wawo wonse. Apa pali mtsutso wakale umene sunathe. Nambala imeneyi sinaonedwe ndi maso. Anaipeza pojambula mzere wowongoka kuchokera kwa amene analandira cheza chambiri kutsikira kwa olandira chochepa. Ena amati thupi limadzikonza lokha cheza chikakhala chochepa, choncho mzerewo umakokomeza. Ena amati palibe mlingo wopanda chiopsezo. Olemba malamulo anasankha mzere wowongoka chifukwa ndi wochenjera, ndipo ine ndikuona kuti kwa dziko ngati lathu, limene silingathe kudziyezera lokha zinthu zazing'ono chonchi, kusankha kumeneku nkoyenera.

Tibwere kwathu. Kayelekera ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuzambwe kwa tawuni ya Karonga. Kampani ya ku Australia ya Paladin inayamba kutulutsa yureniyamu mu 2009, boma lili ndi magawo 15 pa 100. Mtengo wa yureniyamu utagwa ngozi ya ku Fukushima ya mu 2011 itachitika, mgodi unaimitsidwa mu 2014, ndipo mu 2020 unagulidwa ndi kampani ina ya ku Australia komweko, Lotus Resources. Malawi analowa m'bungwe la dziko lonse loona za mphamvu ya atomu la IAEA mu 2006, koma lamulo lathu la za atomu, limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira la AERA, linabwera mu 2011, mgodi utagwira kale ntchito zaka ziwiri.

Anthu akamva za yureniyamu amaganiza za bomba, koma fizikisi imaloza kwina. Yureniyamu amasweka pang'onopang'ono kwambiri moti ufa wachikasu umene umapakidwa m'migolo sutulutsa cheza champhamvu. Ukalowa m'thupi umayamba wapweteka impso, ngati chitsulo china chilichonse chapoizoni. Choopsa chenicheni ndi ana ake. Yureniyamu akamasweka amafika posanduka thorium 230, iye nkusanduka radium 226, iye nkusanduka mpweya wa radon, ndipo onsewa amatsala m'matope a pamgodi yureniyamu atapita. Pafupifupi magawo 85 pa 100 a cheza cha mwala woyamba uja amakhala m'matopemo. Radium amafuna zaka 1,600 kuti atsike ndi theka, thorium pafupifupi 75,000. Radon ndiye anadwalitsa khansa ya m'mapapo anthu a m'migodi ya pansi ku Germany, ku Czechoslovakia ndi kwa Anavajo ku America, ndipo bungwe la WHO limamuika pachiwiri pa fodya pa zoyambitsa khansa imeneyi. Kayelekera ndi mgodi wa pamtunda, mphepo imamwaza radon, choncho maso ayenera kukhala pa fumbi, pa damu la matope nthawi ya dzinja, ndi pa mtsinje wa Sere umene umathira mu North Rukuru, iyenso nkuthira m'nyanja.

Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la migodi ya ku Karonga, ndipo dandaulo lalikulu la anthu linali lakuti zotsatira za kuyeza madzi ndi fumbi siziwafika. Lamulo lopereka ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Komabe ngakhale mapepala onse a madzi atakhomedwa pa mtengo wa pabwalo la mfumu, adzangoyankha theka la funso. Adzanena kuchuluka kwa cheza. Sadzanena kuchuluka kwa odwala. Khansa ya m'magazi imayamba kuoneka patapita zaka ziwiri mpaka zisanu, ya zotupa zaka khumi kapena kuposa. Ndiye kuti ngati pali chimene chinachitika m'matupi a anthu pakati pa 2009 ndi 2014, nthawi yake yoonekera ndi ino.

Nanga timawerenga bwanji khansa m'Malawi? Nambala zimene mumazimva pa wailesi ndi m'misonkhano ya m'mahotela a ku City Centre zimachokera ku bungwe la IARC ku Lyon, France. Za 2020 zinati odwala atsopano anali pafupifupi 18,000 ndipo omwalira anaposa 12,000. Khansa ya khomo la chiberekero yokha inagwira amayi 4,145 nkupha 2,905, pafupifupi 68 pa amayi 100,000 alionse pa chaka, mlingo umene uli m'gulu la wapamwamba kwambiri padziko lonse. Pa khansa ya kummero tili pamwamba penipeni, ndipo ofufuza akukayikira utsi wa nkhuni, zakumwa zotentha kwambiri, fodya ndi kachasu. Palinso Kaposi, amene anachuluka ndi HIV, ndi Burkitt, amene amatupitsa nsagwada za ana m'madera a malungo. Muyerekeze 68 pa chaka ndi zisanu za moyo wonse zija, muona kuti mdani wamkulu wa amayi athu ndi kachilombo ka HPV, osati cheza. Katemera wake anayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013 ndipo anafalikira dziko lonse mu 2019.

Koma nambala ngati 4,145 imanyenga ndi kuoneka kwake. Palibe amene anawerenga amayi 4,145. Maziko ake ndi kaundula wa khansa wa ku Blantyre, amene kuyambira m'zaka za m'ma 1990 wakhala akulemba odwala a m'dera limenelo. Akatswiri amatenga mlingo wa ku Blantyre nkuuyala pa anthu a dziko lonse, amene kalembera wa 2018 anawapeza kuti ndi 17,563,749. Njirayi ndi yovomerezeka ndipo amene amaichita sabisa. Kungoti singakuuzeni kalikonse za Karonga kusiyana ndi Nsanje, chifukwa inayamba ndi kuganiza kuti onse ndi ofanana.

Kaundula wa khansa amafuna kuti wodwala afike kuchipatala, adulidwe kanyama, kanyamako kapimidwe. Ku Lilongwe labu yotere inatsegulidwa pa Kamuzu Central mu 2011 mothandizana ndi UNC Project. Amene sanafike kuchipatala akanagwidwa ndi kaundula wa imfa. Lamulo la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, limati imfa iliyonse ilembedwe. Koma taganizani nyumba imodzi ya ku Area 43. Bwana akadwala amakwera ndege ya ku India kapena ku Johannesburg, ndipo zikavuta thupi limabwera ndi chikalata chotchula matenda ndi dzina lake lenileni. Mlonda wa pageti pomwepo, wochokera ku Kauma, akalandira foni yakuti mayi ake atsikira kuli chete kumudzi, amapempha masiku atatu ndi ndalama ya basi. Adzukulu akumba, mfumu yalankhula, mwambo watha. Mukafunsa chimene chawatenga, yankho ndi lakuti anadwala nthawi yaitali, ankataya magazi, kapena chakudya chinkakana kutsika. M'mawu amenewo dokotala akhoza kumvamo khansa, koma palibe dokotala amene anawamva. Imfa zochuluka m'dziko muno zimachitika chonchi, pakhomo.

Chodabwitsa nchakuti njira yothetsera vutoli inayesedwa kale, ku Karonga komweko. Ku Chilumba kuli kafukufuku amene anayamba mu 1979 ndi nkhani ya khate. Kuyambira 2002 ofufuza akumeneko akhala akulemba kubadwa, kusamuka ndi imfa ya munthu aliyense m'dera la anthu oposa 30,000, mothandizidwa ndi anthu odzipereka a m'midzi. Maliro akachitika, patapita masabata angapo wazachipatala amapita pakhomopo. Amakhala pamphasa, amapepesa kaye, kenako amayamba pang'onopang'ono: Mayi, malemu anayamba kudandaula chiyani? Anaonda? Ankatsokomola, ndipo m'makhololo munali magazi? Phala linkatsika? Anadwala miyezi ingati? Mayankhowo amawerengedwa ndi madokotala awiri, aliyense payekha, ndipo akasiyana amaitana wachitatu. Njirayi si yangwiro, imasokoneza TB ndi khansa ya m'mapapo nthawi zina, koma ndi imene mu 2008 inasonyeza dziko lapansi kuti ma ARV aulere anachepetsa imfa za akuluakulu m'dera lonse la kumudzi, osati mwa okhawo obwera ku kiliniki. Bungwe la MEIRU, limene likupitiriza ntchitoyi, lili ndi dera linanso ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Chilumba ali kunyanja, kutali ndi mgodi, choncho nambala zake sizinena za Kayelekera. Zimangosonyeza kuti luso lilipo, ndipo pali kale gulu la anthu oyerekezera nalo.

Ku chipatala cha khansa nkhani yake ndi yomweyi, yongotembenuzidwa. Kwa zaka zambiri wodwala wofuna kuwotchedwa ankadikira pa mndandanda wopita ku India, ku Tanzania kapena ku Lusaka, kumene chipatala chotere chinayamba kale. Mu 2022 IAEA inaika Malawi m'gulu la mayiko asanu ndi awiri oyamba a ndondomeko yake ya Rays of Hope, mu 2024 chipatala chomwe si cha boma chinatsegulidwa ku Blantyre, kenako cha ku Lilongwe. Pafupifupi theka la odwala khansa amafuna cheza pa nthawi ina ya matenda awo. Mayi wa khansa ya khomo la chiberekero amawotchedwa kakhumi kawiri ndi kasanu, tsiku lililonse la ntchito kwa masabata asanu, kenako kachitsulo ka cheza kamalowetsedwa pafupi ndi chotupacho, ndipo zonse ziyenera kutha m'masabata asanu ndi atatu. Akadukiza, chotupa chimayambanso kuphuka.

Pano fizikisi imagwira ntchito ya manja. M'mawa wodwala woyamba asanalowe, makina amayezedwa kuti aone ngati akutulutsa mlingo umene analonjeza, ndipo nthawi ndi nthawi wa fizikisi amaika thanki ya madzi pabedi m'malo mwa munthu, poti thupi ndi madzi ambiri, nkumiza kachipangizo koyezera cheza pa kuya kosiyanasiyana. Kulakwitsa ndi magawo asanu pa 100 kukhoza kusiyanitsa kuchira ndi kuwotcha matumbo. Makompyuta owerengera njira ya cheza m'thupi amagwiritsa ntchito nzeru imene Stanislaw Ulam ndi John von Neumann anayambitsa ku Los Alamos cha mu 1946: kutsatira tinthu mamiliyoni mwamaere, kamodzikamodzi, mpaka chithunzi chituluke. Makina a magetsi alibe phata losweka m'kati, ukazimitsa cheza chatha, koma safuna magetsi ozimazima. A cobalt sadandaula kwambiri za magetsi, koma mphamvu yawo imatsika ndi gawo limodzi pa 100 mwezi uliwonse, kaya pali wodwala kaya palibe. Iridium 192, amene ambiri amagwiritsa ntchito powotchera m'kati, amatsika ndi theka pa masiku 74, choncho amasinthidwa pafupifupi miyezi itatu iliyonse, ndi ndalama zakunja. Lamulo la Rutherford ndi Soddy silidikira kuti foreksi ipezeke. Ndipo chitsulo chotha ntchito chiyenera kubwezedwa kumene chinachokera: ku Goiânia, Brazil, mu 1987, otola zitsulo anaphwanya makina osiyidwa m'chipatala chakale, anthu anayi nkumwalira.

Kuti makina akuyenda bwino wa fizikisi adzatiuza. Kuti odwala akuchira adzatiuza ndani? Mayi akamaliza kuwotchedwa amabwerera ku Ntchisi kapena ku Chitipa. Muyeso wa chipatala cha khansa padziko lonse ndi kuchuluka kwa odwala amene ali moyo patapita zaka zisanu, ndipo nambalayi singapezeke ngati amene sanabwererenso ku kiliniki sakudziwika kuti anachira, anasowa thiransipoti kapena anaikidwa.

Ndiye kodi Malawi akufunika akatswiri a masamu a phata la atomu? Ochepa, inde, ku yunivesite ya ku Zomba ndi ya MUST, chifukwa popanda iwo sipakhala wophunzitsa amene adzayeze makina kapena wotsutsa lipoti la kampani ya mgodi, ndipo migodi ina ya miyala yokhala ndi yureniyamu kapena thorium ikubwera, monga ya ku Kanyika ku Mzimba. Kafukufuku wa makina akuluakulu tingakachitire ku iThemba LABS ku Cape Town. Koma chimene palibe dziko lina lingatichitire ndi kuwerenga anthu athu, ndipo ntchito imeneyi ilibe riboni yodula, nchifukwa chake imasowa mwini. Chida chake chachikulu tili nacho kale. Kuyambira 2017 anthu oposa 9 miliyoni analandira chiphaso cha unzika chokhala ndi nambala. Nambala imeneyo italembedwa pa kabaji koyezera cheza ka wa mu mgodi, pa fayilo ya wodwala ku Kamuzu Central ndi pa chikalata cha imfa, mabuku atatuwa akhoza kulankhulana. Miyezo ya IAEA imati mbiri ya cheza ya wantchito isungidwe mpaka atakwana zaka 75, komanso zaka zosachepera 30 atasiya ntchitoyo. Mnyamata amene analowa ku Kayelekera mu 2009 ali ndi zaka 25 adzakwanitsa 75 mu 2059, ndipo pofika pano mgodi wasintha kale mwini kamodzi.